Batire la Nyambo Linapita ku Maliro

Nditamaliza dipuloma ya ulimi wa nsomba, ndinabwerera kwathu ku Mlolo ndikuyembekeza kuti maofesi amene ndinafunsirako ntchito ku Chipata ndi ku boma la Chadiza andiitana msanga. Sanandiitane. Ndinalima chimanga ndi mtedza pamodzi ndi amayi, tinakolola, ndipo anthu a m'mudzi anasiya kundifunsa za ntchito, zimene zinandipweteka kuposa mafunso awo aja.

Ntchito yoyamba anandipezera amalume anga, a Yesaya, amene ndi mkulu wa mpingo. Tsiku lina Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, anandikokera kwa a Mbewe, bambo amene anagwira ntchito zaka zambiri ku migodi ndipo anali atabwerera kumudzi kudzapuma. A Mbewe anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ndiye ndinu amene munaphunzira za nsomba?" anatero. "Tandiuzani, a Filimoni. Nsomba imafera bwanji m'madzi? Madzi si kwawo?"

Nkhani yawo inali yotere. Lachisanu lililonse kunkabwera amuna a ku Chipata pa galimoto kudzawedza milamba ikuluikulu pa damu la kwathu. Mlamba waukulu umatsata nsomba yoyenda, choncho nyambo imene iwo ankafuna inali matemba amoyo, okolowekedwa pa mbedza akadaphiriphitha. Matemba ochokera nawo m'tauni ankafika atafa. A Mbewe anaona kuti pamenepo pali malonda, anatchera miyono, nasunga matembawo mu ndowa pakhonde. Kukacha ankapeza onse atayandama chagada. Ankafuna munthu woti awasunge amoyo kufikira Lachisanu, ndipo munthuyo anakhala ine.

Aliyense amene ndimamufotokozera ntchitoyi amayamba wafunsa chifukwa chimene sitinkangosiyira matembawo m'miyono ku damu komweko. Tinayesa. Ng'azi zinkaboola miyono, ndipo imene ng'azi zasiya, anthu odutsa ankaikhuthula. Damulo lilinso kutali ndi nyumba moti sungaliyang'anire. Panalibe njira ina koma kusunga nsombazo pakhomo.

Ndinadula dramu ya pulasitiki m'litali, ndinaigoneka pa njerwa pansi pa mtengo wa mango, ndipo pamwamba ndinayala ukonde kuti nkhuku ndi amphaka asafikepo. Dramu yachiwiri inali yosungira madzi a ku damu, amene tinkatunga ndi ngolo, chifukwa madzi ongotuluka kumene pa mjigo amakhala ndi mpweya wochepa ndipo kuzizira kwake kumadzidzimutsa nsomba. M'mawa uliwonse ndinkachotsa gawo la madzi akale ndi paipi, kuyambira pansi pamene pamakhala zonyansa, n'kuthiramo ena pang'onopang'ono. Matemba a nyambo sitiwadyetsa, pakuti chakudya chimawononga madzi msanga. Yakufa imachotsedwa nthawi yomweyo. Koma zonsezi ndi zothandizira chabe. Chimene chimapha nsomba mu dramu ndi kutha kwa mpweya m'madzi, ndipo madzi akatentha amasunga mpweya wochepa pamene nsomba zikufuna wochuluka. Pankafunika pampu yopopera mpweya.

Tinapita ku Chipata, ndipo m'sitolo tinapeza mitundu itatu. Yoyamba inali ya magetsi a m'nyumba, yamphamvu ndi yosasokosera. A Mbewe anaikonda chifukwa inali yolemera m'manja, koma ndinawakumbutsa kuti kwawo kulibe magetsi otere, ndipo kuti makina osinthira moto wa batire kukhala wa m'nyumba amadya moto wambiri kuposa pampuyo. Yachiwiri inali kapampu koyendera mabatire a tochi. Kameneka n'kabwino pa ndowa ya paulendo, koma mpweya wake sungakwane dramu, ndipo mabatirewo akatha, golosale yodalirika ili kutali. Yachitatu inali yolumikiza ku batire la galimoto ndi timano tiwiri, kofiira ndi kakuda. A Mbewe anali kale ndi batire lotere pamodzi ndi sola padenga, zimene ankayatsira nyale ndi wailesi. Tinagwirizana za yachitatuyi.

Ndinaganizira zonse zimene ndinkaona kuti zingatilepheretse. Kamphira kam'kati mwa pampu kamang'ambika, choncho tinagula kena kosungira. Moto ukatha madzi amatha kubwerera m'paipi n'kulowa mu pampu, choncho ndinaikapo kavalavu ndipo pampuyo ndinaipachika pamwamba kuposa madzi. Kumapeto kwa paipi ndinaika kamwala ka timabowo kamene kamagawa mpweya kukhala tithovu ting'onoting'ono, chifukwa tithovu tating'ono timasiya mpweya wambiri m'madzi kuposa thovu lalikulu longothamangira pamwamba. Sola ndinkaipukuta fumbi. Ndinayesanso kuona ngati batirelo lingapirire masiku a mitambo, ndipo linapirira.

Ntchito inayenda bwino nyengo yonse yozizira. Kasitomala wathu wamkulu anali a Tembo, amene ankatsogolera gulu la owedza aja. Iwo akakhutira, anzawo onse ankagula kwa ife, ndipo malipiro anga ankachokera pamenepo. A Mbewe anayamba kundiitana "a Dipuloma" pamaso pa alendo, mwina monyadira, mwina moseka, sindinathe kusiyanitsa.

Kenako kunafika Okutobala. Dzuwa la mwezi umenewu kwathu limatenthetsa madzi ngakhale ali pamthunzi. Sabata imeneyo a Tembo anaimba foni kunena kuti akubwera ndi alendo ochokera ku Lusaka ndipo akufuna nyambo yochuluka kuposa masiku onse. Ndinauza a Mbewe kuti dramu imodzi siyenera kudzazidwa motero m'nyengo yotentha.

"Pampu tinagulira chiyani?" anandifunsa. "Thiranimo. Anthu a ku Lusaka akakondwa, chaka chamawa tidzagula madramu ena."

Ndinathiramo. Pampu ikugwira ntchito, nsombazo zikanafika madzulo a Lachisanu, ngakhale movutikira.

Lachinayi kunagwa maliro. Anamwalira a Sakala, mmodzi wa akulu a mpingo, munthu wodziwika m'midzi yonse yozungulira. Ndinapita kukapepesa tsiku lomwelo monga aliyense, ndipo kunalengezedwa kuti kuika m'manda ndi mawa lake masana. Kwathu maliro akagwa, khasu siligwira munda kufikira ataika. Komabe ziweto zimamwetsedwa, ndipo ndinaona kuti nsomba ndi ziweto. Lachisanu m'mamawa ndinapita ku damu kukazula miyono kuti isakhale m'madzi popanda woiyang'ana, ndikuganiza kuti ndikabwerako ndisintha madzi, ndisamba, n'kupita ku maliro.

Nditalowa pa mpanda wa a Mbewe, chimene ndinayamba kuzindikira chinali bata. Pampu ija inkalira mosalekeza ngati njuchi, moti khutu linali litazolowera. Tsikulo kunali zii. Timano tiwiri tija tinkalendewera pakhonde, ndipo pamene pankakhala batire panali chizindikiro chake chokha pa fumbi. Mu dramu, matemba onse anali pamwamba, milomo ikutseguka ndi kutsekeka pofunafuna mpweya.

Akazi a a Mbewe, aNabanda, anatuluka m'nyumba atavala za chigwirizano, akumanga duku.

"Amayi, batire lili kuti?"

"Anabwera a komiti ya maliro. Chokuzira mawu chilibe moto, ndipo anthu achuluka."

"Nanga nsomba?"

"Nsomba zili m'madzi, mwana wanga. A Sakala ali m'bokosi."

Ndinayang'ana dramu yachiwiri kuti ndisinthe madzi msanga. Panalibe. Inali itakwera ngolo kukatungira madzi a ku maliro, pamodzi ndi ndowa zonse, mabeseni onse ndi kheni yothirira ndiwo zamasamba. Ngolo imene ikanandithandiza kubwezera nsomba ku damu inali komweko. Pakhomo panatsala chigubu chimodzi, kapu ya pulasitiki, lichero ndi njinga.

"Mukanandidikira ndibwere, amayi."

"Kuti mudzawauze chiyani? Fulumirani kusamba, anthu angakuoneni mochedwa."

Ndinathamangira ku nyumba ya siwa. Amuna anali atakhala pansi pa mitengo, amayi pafupi ndi khomo, ndipo kwaya inali ikuimba. Batire lathu ndinaliona nthawi yomweyo. Linali pa mpando, litalumikizidwa ku chokuzira mawu, ndipo munthu wina wanzeru zake anali atawonjezerapo waya wina umene unkatchaja mafoni a olira, atandandalikidwa pa mphasa. Mafoniwo anandikwiyitsa kuposa chokuzira mawu. Ndinanjuta pafupi ndi a Mbewe n'kuwanong'oneza kuti nsomba zikufa.

Sanandiyang'ane. Anayankha maso ali kutsogolo.

"Mukufuna ndinyamuke pano, pamaso pa anthu onsewa, ndikazule waya abusa ali pafupi kulalikira? Chifukwa cha matemba?"

"Bambo, a Tembo akubwera madzulo."

"Ndikudziwa. Ndinu ophunzira, a Dipuloma. Pezani nzeru."

Ndinapita kwa a Mwale, wapampando wa komiti ya maliro, n'kuwafunsa mwaulemu ngati pangapezeke batire lina loti lilowe m'malo mwa lathu. Anandiuza kuti la aphunzitsi aakulu linafa kalekale, ndipo la mwini golosale linali litayatsa nyale usiku wonse mpaka kutha.

"Tikangoika, tibweza," anatero a Mwale, atandigwira phewa. "Sitidya batire ife. Khalani pansi, aphwanga, mwambo ukuyamba."

Sindinakhale pansi. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba ya siwayo n'kubwerera kunyumba kwa a Mbewe, ndikudziwa kuti maso ambiri andiona ndikuchoka.

M'njira ndinayeza zimene ndikanachita. Kunyamula nsomba m'chigubu pa njinga kupita nazo ku damu kukanafuna maulendo ambiri, ndipo pa dzuwa limenelo zambiri zikanafera m'chigubumo. Njira ya ku damu imadutsanso m'mbali mwa manda, kumene adzukulu anali kukumba, ndipo palibe amene amadutsa pamenepo ndi katundu wa malonda pa tsiku lotere. Ku mjigo kunali mzere wa amayi otunga madzi a ku maliro. Chimene chinatsala chinali pampu ya njinga.

Ndinachotsa paipi ya mpweya ku pampu yakufayo, ndinailumikiza ku mlomo wa pampu ya njinga, n'kumanga polumikizirapo ndi mphira wa chubu chakale. Nditakankha, kamwala kaja kanatulutsa thovu. Nditasiya, thovu linasiya. Ntchito yonse inali imeneyo: ukapopa nsomba zimapuma, ukapuma iwe nsomba zimabanika. Ndinanyowetsa masaka ndi madzi a m'chigubu n'kuphimba theka la dramu kuti madzi asapitirire kutentha. Mkono ukatopa ndinkatunga madzi a mu dramu momwemo ndi kapu n'kuwathira kuchokera pamwamba kuti agwire mpweya, koma kapu imodzi pa dramu yodzaza nsomba ndi kungodzisangalatsa. Pampu ya njinga sinapangidwire ntchito yotere. Inatentha mpaka ndinaikulunga nsalu yonyowa, ndipo m'manja mwanga munatuluka matuza.

Dzuwa litafika pamutu ndinaona kuti mpweya umene ndinkapopa sungakwane nsomba zonse. Zikakhala zonse, zifa zonse. Ndinayamba kuchotsa zimene zinkasambira chammbali, kenako zazikulu zimene zimadya mpweya wambiri ngakhale zinali zamphamvu, n'kuziika mu lichero. Munthu amene analembedwa ntchito yosunga nsomba zamoyo anakhala akusankha zoti aphe, ndipo chokuzira mawu chinkamveka bwino lomwe kuchokera kumene ndinali. Mawu a abusa sanadukeko ngakhale pang'ono. Batire la a Mbewe linali labwino ndithu.

Njira ya ku manda imadutsa kuseri kwa mpanda wa a Mbewe, ndipo mpandawo ndi wa udzu umene unali utagwa mbali ina. Nditamva nyimbo ikuyandikira, ndinadziwa mwambo: maliro akamadutsa, munthu amasiya chimene akuchita, amavula chipewa n'kukhala chete. Ndinapopa kufikira bokosi litaonekera, kenako ndinaika pampu pansi. A Sakala anali munthu wa anthu, ndipo mzere wa owaperekeza unali wautali kwambiri. Ndinaima chipewa chili m'manja, maso ali mu dramu, ndikuona nsomba zimene ndinazivutikira m'mawa wonse zikutembenuka imodzi imodzi. Mzere usanathe ndinalephera kupirira, ndinagwada n'kuyambanso kupopa. Kwaya inali itapuma pakati pa nyimbo, ndipo kulira kwa pampu ya njinga kunamveka mpaka ku njira.

"Ndani akupopa njinga pa maliro?" anafunsa mayi wina.

"Si njinga," anayankha mnzake. "Ndi mwana wa mlongo wawo wa a Yesaya. Akupopa nsomba."

Ena anaseka chamumtima, ena anapukusa mitu. Amalume anali m'gulu la akulu a mpingo kumbuyo kwa abusa, ndipo sanatembenuke n'komwe.

A Mwale anasunga lonjezo lawo. Batire linabwera dzuwa litapendeka, atalinyamula amuna awiri amene anathokoza kwambiri. Ndinalumikiza timano tija. Pampu inanjenjemera kamodzi n'kukhala chete. Moto wonse unali utathera mu ulaliki, mu nyimbo ndi m'mafoni, ndipo dzuwa loti lidzazenso batirelo linali likupita. Ndinabwerera ku pampu ya njinga.

A Tembo anafika ndi galimoto ziwiri. Anatsika akuseka ndi alendo awo, ananyamula ndowa zawo, ndipo atayang'ana mu dramu anasiya kuseka. Nsomba zamoyo zinali zokwanira munthu mmodzi kapena awiri, ndipo nazonso zinali zofooka. A Mbewe, amene anali atangobwera kuchokera ku manda, anafotokoza zonse.

"Pepani ndi maliro, bambo," anatero a Tembo. "Batire munachita bwino kupereka. Ngakhale ine ndikanapereka." Anayang'ana alendo awo, kenako ine. "Koma anthuwa achokera ku Lusaka, achimwene. Ndiwauze kuti awedze ndi chiyani? Chipepeso?"

Anatenga zochepazo n'kupita kukakumba nyongolotsi m'mbali mwa damu.

Galimoto zitachoka, aNabanda anaona lichero lodzaza matemba pamthunzi. Anawanunkhiza, napeza kuti akadali abwino.

"Mulungu ndi wabwino," anatero. "Ku siwa kuja ndiwo zamadzulo kunalibe."

Anasenza licherolo n'kupita nalo. M'mawa mwake, pamene abale ankathokoza amene anathandiza pa maliro, dzina la a Mbewe linatchulidwa kawiri, koyamba chifukwa cha batire, kachiwiri chifukwa cha nsomba. Dzina langa linatchulidwa kwina. Amalume anandiitana kunyumba kwawo, anandikhazika pansi n'kundifunsa ngati ku koleji anatiphunzitsa kuti temba limaposa munthu. Ndinayesa kufotokoza za mpweya ndi kutentha kwa madzi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandiuza kuti ndivale bwino, tipite kukapepesa kwa amayi a Sakala, akazi a malemuwo. Tinapita. Amayiwo anandikhululukira mosavuta, ndipo anawonjezera kuti matemba aja anali okoma.

A Tembo sanaimbenso foni. Patapita nthawi ndinamva kuti anagula kapampu kawo ndipo amagwira okha nyambo akafika ku damu. Anzawo anawatsatira. A Mbewe anapirira mpaka mvula yoyamba, kenako anandiuza kuti malonda aima kaye. Dramu yodulidwa ija inasanduka momwera ng'ombe, ndipo ntchito yanga inathera pomwepo.

Ndakhala ndikuganizira tsiku limenelo kuti ndipeze wolakwa, ndipo chimene chimandikwiyitsa mpaka lero n'chakuti sindimupeza. A komiti anapempha chinthu chimene amapempha pa maliro aliwonse. ANabanda sakanakana, ndipo a Mbewe sakanazula waya. Ine ndemwe sindingafune kukhala m'mudzi umene munthu angakanize batire la maliro, pakuti tsiku lina adzakhala maliro a m'nyumba mwathu, ndipo ndidzafuna kuti mawu a abusa amveke mpaka kwa amene akhala kutali. Kuchulutsa nsomba mu dramu kunawonjezera vutolo, koma sikunaliyambitse. Chiyambi chake chinali chakuti moyo wa nsombazo unadalira chinthu chimene mudzi wonse unali ndi ufulu wochibwereka. Kwathu batire la galimoto, ngolo, dramu ndi ndowa zili ndi mwini wake masiku wamba okha. Maliro akagwa zimakhala za onse, ndipo maliro sasankha mwezi wozizira.

Tsopano ndimagwira ntchito ndi alimi a maiwe a nsomba cha ku Zemba, ndipo ena amandifunsa za pampu yosungira nsomba zamoyo pakhomo, kaya za nyambo kaya zoti akaike mu dziwe. Ndimawauza za kukula kwa dramu, za kamwala ka mpweya, za kavalavu ndi za mthunzi. Kenako ndimawauza kuti asankhe pampu imene batire lake linatsekeredwa m'kati, yokhala ndi kasola kakekake kakang'ono, ngakhale mpweya wake uli wochepa, ndipo asunge nsomba zochepa zolingana ndi mpweyawo. Mlimi wina anaitembenuza pampu yotere m'manja mwake, akufunafuna polowetsa waya, ndipo anadandaula kuti kanthu kameneka sikangayatse nyale, sikangaimbitse wailesi, sikangatchaje ngakhale foni imodzi. Ndinamuuza kuti agule kameneko.